Mwana wosamva asadikire sukulu kuti apeze chinenero

Makolo ambiri amazindikira mochedwa kuti mwana wawo samva. Poyamba amati wangochedwa kulankhula, ena amamuyesa wamwano poti akamuitana satembenuka. Achipatala akamadzatsimikiza, mwana uja wakula kale, ndipo zaka zonsezo wakhala wopanda chinenero.

Vuto lagona pamenepa. Ubongo wa mwana umagwira chinenero mosavuta m'zaka 5 zoyambirira, kenaka mphamvuyo imayamba kuchepa. Mwana amene wapyola msinkhu umenewu wopanda chinenero amadzavutika kuwerenga, kulemba ngakhale kufotokoza pomwe pakumupweteka. Chamupweteketsa si khutu ayi, koma kusowa wocheza naye. Ana osamva oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, omwe ambiri sanaphunzirepo chinenero chamanja.

Ubongo susankha kuti chinenero chilowere m'khutu kapena m'maso. Mbali za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akamalankhula Chichewa ndi zomwezonso zimagwira ntchito wina akamalankhula ndi manja. Khanda lokulira pakati pa anthu olankhula ndi manja limayamba kubwerezabwereza zizindikiro ndi timanja take, monga khanda lakumva limachitira "bababa". Ndipo si kulozaloza chabe: chinenerochi chili ndi malamulo akeake, monga anaonetsera William Stokoe ku America mu 1960. Zinenero zamanja zilipo zoposa 300, n'chifukwa chake cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku Britain.

Mayiko ena a m'chigawo chathu chino analemekeza chinenero chamanja m'malamulo awo aakulu. Mu 2013 Zimbabwe inachiika pa zinenero 16 zaboma, pamodzi ndi Chichewa chathu chomwechi. South Africa inatsatira mu 2023. Kuno kwathu, bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likumenyera zomwezi, ndipo mu 2021 dikishonale yoyamba ya chinenero chamanja cha ku Malawi inakhazikitsidwa. Sukulu ngati Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba zaphunzitsa ana ambiri.

Koma sukuluzi n'zochepa, ndipo mwana amafikako nthawi yabwino ija itatha. Omasulira nawo ndi owerengeka. Kumuona womasulira pakona ya kanema nthawi ya nkhani n'kosangalatsa, koma nanga kuchipatala? Mayi wosamva amapita kusikelo ya amayi oyembekezera ndi mlamu kapena mwana wake kuti azimumasulira. Zotsatira za magazi, zomwe lamulo likuti n'zachinsinsi, amayamba wazimva ndi wina. Kamwedwe ka mankhwala akangosokoneza pomasulira, moyo uli pachiswe.

Boma lili ndi poyambira. Alangizi azaumoyo amakumana ndi makanda mwezi ndi mwezi kusikelo. Aphunzitsidwe kuzindikira mwana wosamva n'kumutumiza msanga. Anamwino aziphunzira chinenero chamanja ali kukoleji, omasulira alembedwe ntchito m'zipatala zamaboma, ndipo makolo aziphunzitsidwa ulere, aphunzitsi ake akhale osamva eniakewo.

Kwinaku tisaiwale kupewa. Bungwe la WHO likuti pafupifupi 60 mwa 100 ya mavuto akumva mwa ana ngopeweka. Chikuku, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu ndi mafinya osatha m'khutu zimagonthetsa ana.

Inu makolo, ngati khanda lanu silidzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, kapena lafika chaka osatembenukira dzina lake, pitani nalo kuchipatala sabata ino. Akakuuzani kuti silimva, yambani kuphunzira chinenero chamanja tsiku lomwelo.