Bangladesh ikufuna kugulitsa zovala zambiri za poliyesita: mlimi wa thonje zikumukhudza bwanji?

Dziko la Bangladesh ndi lachiwiri pa dziko lonse pogulitsa zovala kunja, pambuyo pa China. Pa madola 100 aliwonse amene limapeza pa malonda akunja, oposa 80 amachokera ku zovala, ndipo zambiri mwa izo ndi za thonje. Koma dzikolo sililima thonje lokwanira. Limagula kunja, ndipo gawo lalikulu limachokera kuno ku Africa, kuphatikizapo Mozambique.

Tsopano eni mafakitale kumeneko, kudzera m'bungwe lawo la BGMEA, akufuna kuti malonda a zovala afike pa madola 100 biliyoni pofika 2030. Njira imodzi imene akudalira ndi kusoka zovala zambiri za ulusi wopangidwa m'fakitale, monga poliyesita ndi nayiloni.

Ulusi umenewu sulimidwa. Umapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, choncho sudikira mvula, suopa mbozi, ndipo nthawi zambiri umatsika mtengo kuposa thonje. Lero poliyesita yekha waposa theka la ulusi wonse wopangidwa pa dziko, pamene thonje silifika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Majezi a mpira, majekete a mvula ndi zovala zamasewera zimene masitolo a ku Ulaya ndi America amaitanitsa, zambiri ndi za ulusi womwewu. Ngakhale m'misika ya ku Ulónguè ndi Calómuè, kapulana wotchipa woterera uja nthawi zambiri ndi poliyesita.

Kusinthaku si kwa tsiku limodzi. Makina opota ulusi wa thonje sagwira ntchito zonse za ulusi winawu, ndiye pafunika ndalama zambiri, magetsi odalirika ndi antchito ophunzitsidwa mwatsopano. Zipangizo zake zambiri Bangladesh iyenerabe kuitanitsa, makamaka ku China.

Mlimi wa ku Mágoè kapena Cahora Bassa asaganize kuti msika wa thonje ukutha mawa. Vuto lili pa mtengo. Mtengo wotsikitsitsa umene boma limalengeza chaka chilichonse, alimi ndi makampani atakambirana pamodzi ndi bungwe la IAOM, umatsatira mtengo wa pa msika wa dziko lonse. Poliyesita akatchipa, ogula safuna kulipira zambiri pa thonje, ndipo zimenezi zimafika mpaka pa sikelo ya kumudzi. Chimene mlimi angathe kuchisamala yekha ndi giredi: thonje loyera, louma bwino, lopanda zinyalala. Chodetsa choopsa kwambiri ndi tizidutswa ta matumba a pulasitiki, chifukwa tikalowa mu ulusi timakana utoto, nsalu n'kuonongeka.