Mlenje wa Maliwu: Gawo Lachitatu

Sabata yatha tinasiya Pulofesa Heikki Lyytinen ali ku yunivesite ya Jyväskylä, m'dziko la Finland, atayamba kafukufuku wake wa mu 1993. Iye ndi anzake ankalondola ana pafupifupi 200 kuyambira tsiku lobadwa. Theka la anawo linachokera m'mabanja momwe muli dyslexia, vuto lija loti mwana wanzeru zake amangopunthwa pa malembo.

Makandawo ankawaika timawaya kumutu n'kuwamvetsera mawu, makina akujambula mmene ubongo ukuyankhira. M'chinenero cha ku Finland kutalika kwa liwu kumasintha tanthauzo: tuli ndi moto, tuuli ndi mphepo. Pa miyezi 6 yokha, ubongo wa ana ambiri a m'mabanja aja unkalandira kusiyana kotereku mwanjira ina. Ndiye kuti mwana amene amanyozedwa kuti ndi mbuli m'kalasi, vuto lake linayamba asanaone n'komwe choko.

Kudziwa chabe sikunamukwanire Lyytinen. M'mera mpoyamba. Gulu lake linapanga masewera a pakompyuta otchedwa Ekapeli, omwe kunja anadziwika kuti GraphoGame. Mwana amavala mahedifoni, amamva liwu, n'kusankha lembo lake pakati pa ena. Akaphonya, masewerawo amafewa, akakhoza, amalimbako. Palibe womuseka, palibe chikwapu.

Ku Finland zinayenda. Koma kumeneko kuli mabuku m'nyumba iliyonse. Nanga kumene ana amathithikana m'kalasi, buku limodzi akulimbirana?

Lyytinen ndi gulu lake anagwirizana ndi akatswiri a ku University of Zambia, pakati pawo Pulofesa Robert Serpell. Masewerawo anawaika m'Chinyanja, n'kuwalowetsa m'mafoni a m'manja. Chiyembekezo chinali chachikulu, pakuti Chinyanja, monga chinenero cha ku Finland chija, chimalembedwa mmene chimamvekera.

Mafoni anafika m'masukulu a boma ku Lusaka. Taganizirani kamtsikana ka giredi 1, mahedifoni atakakulira m'mutu. Kanaloweza alifabeti ya Chingerezi, ndipo kamaiimba mopanda kuphonya. M'khutu mwake munamveka liwu loti "i". Pagalasi panatulukira malembo awiri, i ndi e. Kanamwetulira, kanakweza chala mosakayika, n'kugunda e.

Wachiwiri anagundanso e. Wachitatu chimodzimodzi.

Ofufuza atatsegula zimene mafoni anasunga, anaona kuti anawa sankalota: m'alifabeti ya Chingerezi ija, e amatchulidwa "i". Munthu wina anawaphunzitsa zimenezi, ndipo ankaima kutsogolo kwa kalasi m'mawa uliwonse.

Ipitirira sabata yamawa.