MALONDA A PA LAMYA AFUNA KUDZIWA NYENGO

Masiku ano munthu wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi amene ali ndi mbuzi, njinga kapena ngolo yogulitsa sayendanso mudzi ndi mudzi kufunafuna wogula. Angojambula cithunzithunzi ndi lamya yace ya m'manja, nalemba mtengo, naciika pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo anthu a ku Chipata ngakhale a ku Lusaka aciona tsiku lomwelo. Kale nchito yotere inali ya timalonda ting'onoting'ono ta m'manyuzipepala, timene munthu anali kulipira ndalama kuti tisindikizidwe, ndipo anthu a m'midzi amene anali kutigwiritsa nchito anali owerengeka. Msika wa Facebook wochedwa Marketplace, umene unayamba m'maiko ena m'caka ca 2016 ndi kufika kuno pambuyo pace, sulipiritsa munthu poika malonda ace. Cimene iye ataya ndi bandulo cabe.

Koma kuika malonda ndi kugulitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ambiri aika katundu wao Lolemba, ndipo pofika Lacitatu osaona wofunsa, mtima uwauluka, natsitsa mtengo. Lacisanu atsitsanso. Pakutha pa milungu iwiri katundu wapita pa mtengo wozizira, pamene colakwa sicinali mtengo ai, koma nthawi imene anauika pa msika.

NDALAMA ZIRI NDI NYENGO YACE

Coyamba cimene wogulitsa ayenera kudzifunsa ndi ici: kodi anthu amene afuna cinthu cimeneci ali ndi ndalama mwezi uno?

M'Cigawo ca Kum'mawa ndalama zilowa m'midzi pamene alimi agulitsa thonje, fodya, soya, mpendadzuwa, nshawa ndi cimanga, makamaka kuyambira June kufikira September. Imeneyi ndiyo nyengo ya njinga, malata, wailesi, sola ndi njinga zamoto. Ngolo ifunidwa kwambiri pa nthawi yotuta zokolola m'minda. Khasu la ng'ombe ndi ng'ombe zolimira zifunidwa mu September ndi October, mvula isanagwe. Munthu woika khasu la ng'ombe pa malonda mu February, minda italimidwa kale, angathe kudula mtengo pakati koma osapeza wogula, popeza palibe amene alifuna.

Mbuzi, nkhuku ndi nkhumba ziyenda bwino pa Khirisimasi ndi pa Caka Catsopano, ndiponso pa nthawi ya maukwati ndi ya miyambo yaikuru yosonkhanitsa anthu, monga Kulamba ku Mkaika kumapeto a August. Koma mu January ndi February zinthu zitembenuka. Nkhokwe zatsika, ndipo ngakhale Boma linacotsa malipiro a sukulu m'caka ca 2022, ana afunabe mayunifomu, nsapato ndi makope. Pamenepo mabanja ambiri aturutsa ziweto zao nthawi imodzi, ogula nacepa, mtengo nugwa wokha. Mlimi wodziwa kuti adzafuna ndalama mu January acita bwino kuika mbuzi yace pa malonda kuciyambi kwa December, pamene ogula ali kumfunafuna, m'malo moyembekeza tsiku limene iye adzayamba kufunafuna ogula.

Mkati mwa mwezi namonso muli nyengo. Aphunzitsi, anamwino ndi anchito ena a pa Boma alandira malipiro ao cakumapeto kwa mwezi. Katundu amene sanafunsidwe pa 12 angathe kufunsidwa ndi anthu atatu pa 28, mtengo uli womwewo.

KUBWEZA MALONDA PAMWAMBA

Malonda a pa lamya akalamba msanga. Pa gulu la WhatsApp uthenga watsopano ukwirira wakale, kotero kuti cithunzithunzi coikidwa m'mamawa cikhala citamira pofika madzulo. Coikidwa pa Status cizimirira pakapita maola 24. Pa Marketplace namonso malonda atsopano akankha akale, ndipo mwini aloledwa kubweza malonda ace pamwamba pakapita mlungu umodzi.

Cifukwa cace nthawi yoika malonda iyenera kukhala imene ogula agwira lamya zao. Mlimi sayang'ana lamya m'mamawa ali ndi khasu m'manja. Aiyang'ana madzulo ataweruka, kapena pa Sondo atacoka ku chalichi. Wa nchito ya mu ofesi aiyang'ana masana popumula ndi usiku ali kunyumba. Wogulitsa ayeneranso kusankha nthawi imene iye mwini ali pa malo ogwira netiweki, lamya iri ndi moto, cifukwa wogula amene safulumira kuyankhidwa apita kwa wina.

Kubwereza malonda omwewo kasanu pa tsiku kutopetsa anthu, ndipo oyang'anira magulu ambiri acotsa munthu wotere. Kawiri pa mlungu ndi kokwanira. Ndipo pobwereza mpofunika kusinthako kanthu. Kawirikawiri katundu akhalitsa cifukwa cithunzithunzi cinajambulidwa mumdima, kapena mwini sanachule kumene ali, kapena anangolemba kuti wofuna mtengo afunse kumbali. Anthu ambiri sakonda kufunsa mtengo wobisika. Cithunzithunzi cojambulidwa panja dzuwa liri kuwala, dzina la mudzi ndi msewu waufupi, msinkhu wa ciweto, ndi cilema ca katundu ngati ciripo, zonsezi ziyenera kukonzedwa munthu asanakhudze mtengo. Kubisa cilema sikuthandiza: wogula wocokera ku Sinda kudzaona ngolo, napeza kuti gudumu lace ndi lothyoka, sabweranso, ndipo auza anzace.

KUTSITSA KAMODZI, KOONEKA

Ngati zonsezi zakonzedwa, mapeto a mwezi apita, ndipo anthu aona malonda koma safunsa, pamenepo colakwa ciri pa mtengo. Ngati afunsa ambiri koma onse achula ndalama zofanana zocepera pa zimene mwini afuna, msika wamuuza kale mtengo weniweni wa katundu wace.

Wogulitsa wanzeru akhala ndi mitengo iwiri asanaike malonda: wolemba pa lamya, ndi wotsiriza umene ausunga mumtima, wosatsikanso. Mwacitsanzo, munthu ali ndi njinga imene aiika pa K1,800, ndipo mumtima adziwa kuti sangalandire zocepera K1,400. Akamacotsako K50 masiku awiri alionse, aphunzitsa ogula kuyembekeza. Pa Marketplace mtengo wakale uoneka utakhwachidwa pambali pa watsopano, ndipo pa WhatsApp mauthenga akale akhalapobe. Aliyense aona kuti mwini ali pa mavuto, nanena mumtima kuti mlungu wamawa idzatsikanso. Koma akakhala cete milungu iwiri kapena itatu, natsitsa kamodzi kufika pa K1,500 pa masiku amene anthu alandira ndalama, kutsikako kuoneka, ndipo amene anali kukayika afulumira poopa kuti wina awalanda. Patsalanso K100 yosiyira wogula pokambirana, pakuti palibe munthu wa kuno amene akondwa kugula cinthu osacotseredwako kanthu.

Pali cinanso. Ogula ambiri pa Marketplace ayamba alemba malire a ndalama zimene ali nazo, ndipo malirewo akonda kukhala manambala athunthu, monga K1,000 kapena K1,500. Njinga ya K1,550 sioneka konse kwa munthu amene analemba K1,500.

Mau olembedwa pa malonda nawonso agulitsa mwini. Wolemba kuti ali kugulitsa mofulumira cifukwa ca matenda kapena ngongole aitana anthu odyera pa mavuto a anzao. Mavuto a m'nyumba ndi a m'nyumba.

KATUNDU WAKUDYA NDI WOSADYA

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma si katundu yense amene alola kudekha. Njinga, malata ndi makina osokera sizidya. Zingathe kukhala m'nyumba kufikira nyengo yace. Nshawa zouma bwino ndi zosungidwa pa malo osalowa cinyontho zikonda kukwera mtengo pamene nthawi yobzala iyandikira. Koma nkhumba idya tsiku ndi tsiku. Mwacitsanzo, mlimi afuna K2,500 pa nkhumba yace, wogula namuuza K2,200, iye nakana. Ngati gaga ndi zakudya zina zimtayitsa K15 pa tsiku, pakutha pa masiku 30 wataya K450. Ngakhale apeze wompatsa K2,500 yonse, cotsala m'thumba ndi K2,050, cocepera pa zimene anakana poyamba, osawerengera ngozi ya matenda a nkhumba amene amaliza khola lonse m'masiku ocepa.

Nkhuku zoyera zikakwana msinkhu wogulitsa zipitiriza kudya cakudya cogula popanda phindu loonjezereka. Matimati, kabichi ndi mavwende ndiye sizidikira konse. Pa katundu wotere malonda ayenera kuikidwa masiku angapo asanathyoledwe, kuti wogula apezeke mbeu zikali m'dimba, ndipo kutsitsa mtengo kuyenera kucitika msanga. Lamya ya m'manja yogwiritsidwapo kale nchito nayonso itsika mtengo mwezi ndi mwezi pamene mitundu yatsopano ifika m'masitolo.

CENJEZO

Mtengo ukatsika, akuba nawonso aona. Ena atumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa Airtel Money kapena MTN MoMo wonena kuti ndalama zalowa, natuma mnyamata kudzatenga katundu. Ena anena kuti atumiza ndalama zopitirira molakwa, napempha kuti zotsalazo zibwezedwe. Wogulitsa asapereke kanthu asanayang'ane yekha ndalama zimene ziri m'lamya mwace, ndipo nambala yace yacinsinsi asauze munthu aliyense. Kukumana ndi wogula wacilendo kucitike masana, pa malo a anthu ambiri, pali mboni. Ziweto zopita ku boma lina zifuna cilolezo ca a Veterinary, ndipo nkwabwino kugwirizana msanga za amene adzalipira cilolezoco ndi galimoto, kuti mtengo wogwirizana usadyedwe ndi zolipira za m'njira.

Katundu akagulidwa, mwini acotse malonda ace kapena alembe kuti zapita. Munthu amene malonda ace ali oona, mitengo yace yosasinthasintha ndi mau ace osabwerera adziwika pa gulu, ndipo caka camawa akadzaikanso mbuzi yace, ogula adzamkhulupirira pa mtengo woyamba.