Matiresi a memory foam: zoyenera kudziwa musanatulutse ndalama

Abale ndi alongo a ku South Bend ndi Indianapolis, ambiri mwa ife timagwira ntchito zoimirira: kusamalira okalamba, kunyamula odwala, mashifiti a usiku m'mafakitale. Munthu ukaweruka, msana umafuna pogona pabwino. Koma ndalama nazo ndi zowerengeka: lendi, inshuwalansi ya galimoto, komanso kumudzi akudikira fizi ya ana. Ndiye tiyeni tikambirane za matiresi a memory foam, poti safunsa anadya phula.

Memory foam ndi siponji yomwe imafewa ikamva kutentha kwa thupi n'kutsatira mmene thupilo lilili. Inapangidwa mu 1966 pa ntchito ya bungwe la NASA yofuna kukonza mipando ya m'ndege. Lero yafala, ndipo matiresi ambiri amabwera atapindidwa m'katoni.

Choyamba, musatengeke ndi kunenepa kwa matiresi. Chofunika ndi kulemera kwa siponjiyo, komwe pa chikalata amalemba kuti density. Siponji ya pamwamba ikhale mapaundi 3 kapena 4 pa cubic foot, ndipo ya pansi, yomwe imanyamula thupi, isachepere 1.8. Yopepuka kuposa apo imachita dzenje msanga. Wogulitsa akamazemba funsoli, dziwani kuti pali chifukwa. Kwa munthu wamkulu, matiresi a mainchesi 10 akwanira. A mainchesi 6 asiyireni ana.

Chachiwiri, ganizirani kagonedwe kanu. Ogona chammbali amafuna ofewako kuti phewa ndi chiuno zilowe pang'ono. Ogona chagada kapena chafufumimba, komanso a thupi lalikulu, asankhe olimbirapo. M'sitolo musachite manyazi: gonanipo mphindi 10, osangodina ndi chala ngati mukusankha mapeyala.

Chachitatu, werengani kansalu kosokeredwa m'mbali. Kuyambira 2007, lamulo la boma la America limati matiresi onse azikhala osayaka moto msanga. Pofuna kutchipitsa, makampani ena amaika timaulusi tagalasi, fiberglass, mkati mwa chikuto. Mukaona mawu oti glass fiber, kapena chenjezo loletsa kuvula chikutocho, musatsegule zipi ngakhale pofuna kuchapa. Timaulusito tikabalalika timayabwa pakhungu, timavutitsa popuma, ndipo kutichotsa m'nyumba ya lendi ndi chintchito. Yang'ananinso chizindikiro cha CertiPUR-US, chosonyeza kuti siponji inayezedwa pa nkhani ya mankhwala ena oopsa. Koma dziwani kuti chimanena za siponji yokha, osati za fiberglass.

Chachinayi, kaunjika pa matiresi ayi. Zovala ndi mipando yathabwa tingatole, koma matiresi otayidwa pamsewu kapena ogulidwa kwa munthu wosamudziwa amabwera ndi nsikidzi. Zikalowa m'nyumba, ndalama yoziphera imatha kuposa mtengo wa matiresi atsopano, mwinanso n'kukuyambanitsani ndi eni nyumba. Chenjeraninso ndi masitolo olipira pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Chulukitsani ndalama ya pa sabata ndi masabata onse, mudzaona nokha.

Nanga mugule liti? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mitengo imatsika pa Presidents' Day mu February, Memorial Day kumapeto kwa May, Labor Day mu September ndi Black Friday mu November. Yerekezani mitengo m'malo angapo, monga ku Costco ya ku Mishawaka, ku IKEA ya ku Fishers, ndi pa intaneti. Musaiwale msonkho wa ku Indiana wa 7 peresenti: matiresi a $400 mulipira $428. Yezaninso chipinda. Queen ndi mainchesi 60 kwa 80, Full ndi pafupifupi 54 kwa 75, Twin ndi 38 kwa 75.

Musanalipire, funsani masiku omwe amalola kuyesera, poti ambiri ogulitsa pa intaneti amapereka masiku 100. Funsaninso kuti mukabweza, wolipira thiransipoti ndani. Sungani lisiti, ndipo kansalu kaja musakadule. Gulani chikuto chosalowa madzi, chifukwa banga limodzi lokha limatha kuthetsa waranti.

Akafika, atsegulireni m'chipinda chopita mphepo ndipo apatseni tsiku limodzi mpaka atatu kuti afufume ndi kutha fungo. M'nyengo ya chisanu, makamaka ku South Bend komwe chipale chochokera ku Lake Michigan sichichita masewera, siponjiyi imauma gwa. Musathamangire kubweza, ikamva kutentha ifewa. Matabwa a bedi asatalikirane kupitirira mainchesi 3, ndipo musawayale pansi ngati mphasa kwa nthawi yaitali, amachita nkhungu kunsi. Muziwatembenuza kumutu kupita kumiyendo pakatha miyezi 6.

Pomaliza, ngati msana ukupweteka masabata angapo, kapena mwendo ukuchita dzanzi, kaonaneni ndi dokotala. Matiresi amathandiza, koma si mankhwala. Uthengawu muuzeko m'bale amene wangofika kumene.