Mbumba, mzikiti ndi mlaliki: ku Jambi ndi ku Mandevu

M'chigawo cha Jambi, pachilumba cha Sumatra ku Indonesia, mumakhala Apenghulu. Makolo awo anachokera kwa Aminangkabau, kumadzulo kwa chilumbacho, atakopeka ndi golide wa m'mitsinje, ndipo zidzukulu zawo lero zimalima mpunga ndi mitengo ya labala cha ku Sarolangun ndi Merangin. Ndi Asilamu, koma mwambo umene anabwera nawo ngwakuchikazi: mwana ndi wa mtundu wa amake, ndipo nkhani yake ikakula amaitana malume.

Mchewa kapena Myao wa ku komboni ya Mandevu kuno ku Zambia sangadabwe nazo zimenezi. Ayao nawonso analandira Chisilamu osataya mbumba. Mfumu Makanjira italowa chipembedzochi cha m'ma 1870, jando linakhala khomo la uchikulire ndiponso la mzikiti. Ku Sumatra zinafika mpaka pokhetsa mwazi: kuyambira 1803 mpaka 1837, pa nkhondo ya Padri, ofuna kuyeretsa chipembedzo analimbana ndi mafumu osunga mwambo. Nkhondo inatha, koma ufulu wa malume ulipobe.

Apa mpamene alaliki ambiri amapunthwa. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda, mfumu ya Ayao, mu 1889, nachokako mu 1891 osasiya mpingo. Analowera ku Mambwe, kumpoto kwa Zambia, kumene Chikatolika cha dziko lino chinamera mizu. Kwa Myao kapena Mpenghulu, kusiya mzikiti kumakhudza ukwati, munda wa amayi, ndi funso limene munthu safunsa mokweza: ndikafa adzandisambitsa ndani?

Pamene tasiyana ndi pamphamvu. Ku Indonesia Akhristu ndi ochepa, ndipo mu 1978 boma linaletsa kukopa munthu amene ali kale ndi chipembedzo chake. Kuno Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndiye ochepa ndi Asilamu. Ku Mandevu, Chaisa ndi Marapodi chimkuzamawu cha msonkhano wa chitsitsimutso chimatha kulira mpaka usiku, ndipo m'banja la Chiyao, limene agogo ake anachokera ku Mangochi kudzafuna ntchito, amamva chikhulupiriro chawo chikutchulidwa mdima ali m'nyumba mwawo momwe. Ndine Mkhristu, ndimafuna Uthenga Wabwino umveke, koma zimenezi zimandiwawa.

Amayi a m'komboni amadziwa njira ina. Pakakhala chinkhoswe kapena phwando, nkhuku amazipereka kwa mnansi wachisilamu kuti azinge ndiye, kuti pasapezeke wokana ndiwo. Maliro akagwa kwa Asilamu sagoneka masiku atatu monga timachitira ife; thupi amalikulunga mu nsanda n'kukaika msanga, nthawi zina tsiku lomwelo. Mayi wa chigwirizano amene amazidziwa zimenezi sadikira mawa. Amamanga chitenje, kunyamula kaufa ndi makala, n'kukakhala pansi pamodzi ndi anamfedwa, nyimbo zake atazisiya kunyumba. Tsiku limene adzatsegule Baibulo pakhomo pamenepo adzapatsidwa mpando, ngakhale atakanidwa.

Wotumidwa ku Sarolangun sangayambire pa wachinyamata amene wamupeza yekha pamsika. Ayenera kukaonekera kaye kwa malume ake ndi kunena poyera chimene wadzera, ndipo ku Mandevu mlaliki wa khomo ndi khomo ali ndi ngongole yomweyo kwa mwinimbumba.