KASINTHASINTHA WA MBEWU ATETEZA MUNDA KU MATENDA A M'NTHAKA

Alimi ambiri amadandaula kuti munda umene unali kubereka bwino kale, tsopano wafooka. Fodya afota dzuwa likangotentha, matimati auma asanabale, ndipo m'chimanga mwadzaza kaufiti. Ena amati nthaka yatha, ena amaganiza kuti wina wawalodzera munda. Koma kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti mbewu imodzimodziyo yabzalidwa pa malo amodzi zaka zambiri zotsatizana.

Nthaka ili ndi moyo

Dothi si chinthu chakufa ayi. M'supuni imodzi ya dothi lachonde muli tizilombo mamiliyoni ambiri, tating'ono kotero kuti sitioneka popanda galasi lokulitsa zinthu lotchedwa maikulosikopu. Tina ndi mabakiteriya, tina ndi ta mtundu wa chuku, tina ndi tinyongolotsi toonda kopambana tsitsi. Tambiri mwa ito ndi abwenzi a mlimi, pakuti timaoletsa mapesi ndi masamba kuti asanduke chakudya cha mbewu. Tochepa ndito timabweretsa matenda.

Tizilombo ta matenda timasankha chakudya. Tokonda fodya sitikonda chimanga, ndipo tokonda nandolo sitikhudza mapira. Chotero mlimi akabzala mbewu imodzi chaka ndi chaka, ali ngati munthu wotsegulira makoswe nkhokwe: adani a mbewuyo adya, aswana, nachuluka. Akabzala mbewu ya mtundu wina, adaniwo asowa chakudya, ndipo ambiri afa ndi njala. Pamenepo tizilombo tabwino, todya zotsalira za mbewu zosiyanasiyana, tichuluka ndi kupanikiza toipa tija.

Adani atatu odziwika

Woyamba ndiye tinyongolotsi ta m'mizu. Timalowa m'mizu ya fodya, matimati, therere ndi nyemba, ndipo muzu umatupa n'kuchita mfundomfundo. Mbewu yotere ilephera kumwa madzi, nipinimbira. Udzu wa Katambora, ukakhala m'munda zaka 3 kapena 4, umachepetsa kwambiri tinyongolotsiti.

Wachiwiri ndiye nthenda yofotetsa matimati, fodya ndi mbatata ya kachewere, imene ivuta alimi a ku Dedza ndi Ntcheu. Mbewu ifota masamba akali obiriwira. Mlimi wofuna kutsimikiza adule tsinde la mbewu yodwalayo ndi kuviika nsonga yake m'tambula ya madzi oyera. Akaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika kuchokera m'tsindemo, adziwe kuti amenewo ndiwo mabakiteriya a nthendayo. Palibe mankhwala opopera amene angachize mbewu yotere. Malowo ayenera kubzalidwa chimanga, mapira kapena udzu kwa zaka zingapo.

Wachitatu ndiye kaufiti. Ameneyu si kachilombo koma chomera, chimene chimayamwa mizu ya chimanga, mapira ndi mawere. Njere zake zikhoza kugona m'nthaka zaka zoposa 10, kudikira timadzi totuluka m'mizu ya mbewu kuti zimere. Mizu ya soya ndi thonje imanyenga njerezi: zimamera, koma posowa muzu woti ziyamwe, zimafa. Komabe kaufiti womera m'chimanga azulidwe asanachite maluwa.

Mbewu zapachibale

Pano ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa. Munthu achotsa fodya nabzala matimati, nati wasintha mbewu. Iyayi, sanasinthe kanthu. Fodya, matimati, kachewere, mabilinganya ndi tsabola ndi za banja limodzi, ndipo zimapatsirana matenda. Ngakhale mnadzi womera wokha m'munda ndi mbale wao, ndipo ukhoza kusunga nthenda mpaka chaka china. Chifukwa chake mapesi a fodya azulidwe ndi mizu yomwe kukolola kukangotha, ndipo kachewere womera yekha asasiyidwe m'munda.

Mphatso ya mbewu za mtundu wa nyemba

Mtedza, soya, nandolo, khobwe ndi nzama zili ndi timibulu pa mizu yake. M'chaka cha 1886 akatswiri awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anaonetsa kuti tizilombo tokhala m'timibuluti ndito timathandiza mbewuzi kutenga nayitrojeni wa mumpweya. Masangwi ndi mizu zikaolera m'munda, chimanga chotsatira chimapindula.

Timibuluti tisasokonezedwe ndi mfundo za tinyongolotsi. Kambulu kabwino kamakhala pambali pa muzu, kamathothoka mosavuta ndi chala, ndipo m'kati mwake ndi mofiirira. Mfundo ya nthenda ndi muzu weniweniwo wotupa, ndipo siichoka. Aphunzitsi angachite bwino kuzula mtedza ndi matimati odwala m'munda wa sukulu, kuti ana aone kusiyana kwake ndi maso ao.

Kagawidwe ka munda

Munda ugawidwe zigawo 4. Pa chigawo chimodzi pabzalidwe fodya chaka choyamba, chimanga chaka chachiwiri, mtedza chaka chachitatu, ndi chimanga chaka chachinayi. Zigawo zinazo zitsate njira yomweyo, chilichonse kuyambira pa malo osiyana m'njirayo. Motero banja likhala ndi chakudya ndi mbewu yogulitsa chaka chilichonse, koma fodya abwerera pa malo ake patapita zaka 4. Mlimi wa munda waung'ono asinthe ngakhale chimanga ndi mtedza kapena soya pokha.

Kasinthasintha sachiza zonse. Khate la mtedza limabwera ndi nsabwe za mbewu, osati m'nthaka, ndipo limapewedwa pobzala msanga ndi mothithikana. Ndiponso nthenda imene yakula zaka zambiri siitha chaka chimodzi. Mlimi woona mbewu zake zikufota azule imodzi, apite nayo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake. Safunsa anadya phula.