MBUZI ZA MKAKA: TONDE WABWINO NDI CAKUDYA COKWANIRA

Mwana akaleka kuyamwa, cakudya cace m'midzi yambiri ndi phala la madzi ndi kamcere basi. Pa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, ana otere ndiwo ayamba kuonda, tsitsi lao lifiira, ndipo ena atupa miyendo. A cipatala anena kuti ana amenewa asowa zakudya zomanga thupi, ndipo mkaka ndi cimodzi ca zakudyazo. Koma mkaka wa m'sitolo ufuna ndalama, ndipo si nyumba zonse ziri ndi ng'ombe. Mbuzi ndizo ziri pafupifupi pa mudzi uli wonse wa m'Cigawo ca Kum'mawa, kungoti anthu aziwetera nyama, maliro, milandu ndi ndalama za sukulu. Owerengeka okha ndiwo adziwa kuti mbuzi ikhoza kukamidwa.

Mbuzi ya mkaka ena aicha ng'ombe ya mmphawi, ndipo dzinali liri ndi cifukwa cace. Mtengo wace ndi wocepa, malo amene ifuna ndi ocepa, ndipo mai kapena mwana wa sukulu akhoza kuigwira ndi kuikama popanda mantha. Cakudya cimene ng'ombe imodzi idya cikwanira mbuzi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Cigodola, nthenda ija imene itha ng'ombe, sicigwira mbuzi. Ndiponso mlimi wa ng'ombe imodzi ikamfera wataya zonse, pamene wa mbuzi zitatu ikafa imodzi atsala nazo ziwiri.

MITUNDU YA MBUZI

Mbuzi za makolo za m'dziko la Zambia, monga zija zazing'ono za ku cigwa ca Gwembe ndi zokulirapo za ku mtunda, ziri zolimba. Zipirira dzuwa, cilala ndi nthenda zambiri, koma mkaka wao ndi wocepa, wongokwanira ana ao, ndipo uphwa msanga. Wokama mbuzi yotere apeza kapu imodzi kapena ziwiri pa tsiku.

Mbuzi zeni-zeni za mkaka zinacokera ku maiko ozizira. Saanen ndi yoyera mbee, ndipo kwao ndi ku Switzerland. Toggenburg nayonso ndi ya ku Switzerland, koma iri yofiirira, ndi mizere iwiri yoyera kumaso. Anglo-Nubian, ya makutu atali-atali ogwa pansi, inapangidwa ku Britain posakaniza mbuzi za kumeneko ndi za ku maiko otentha, ndipo mkaka wace uli ndi mafuta ambiri. Mbuzi zimenezi zikadya bwino zipatsa malita 2 kapena 3 pa tsiku. Mbuzi ya Boer, yoyera thupi ndi yofiira mutu, imene anthu ambiri aikonda, inacokera ku South Africa ndipo ndi ya nyama. Mlimi wofuna mkaka asanyengedwe ndi kukula kwace.

Pakumva za malita atatu, mlimi akhoza kufulumira kugulitsa cimanga cace kuti akagule mbuzi yaikazi ya Saanen yeni-yeni. Apa ndipo pali ngozi. Mbuzi yotere siinazolowere nkhupakupa, njoka za m'mimba ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo m'madera a kashembe, monga ku cigwa ca Luangwa, ibvutika koposa. Ikasiyidwa kuti iziyenda m'thengo pamodzi ndi za m'mudzi, kawiri-kawiri ifa caka cisanathe, ndalama ndi mkaka zonse zipita.

NJIRA YA TONDE

Njira yocepa ngozi ndiyo kuyamba ndi mbuzi zazikazi zimene ziri kale m'khola, ndi kuzipezera tonde wa mtundu wa mkaka. Mwana atenga theka la magazi kwa atate wace ndi theka kwa amace. Motero mwana wa tonde wa Toggenburg ndi mbuzi ya makolo ali ndi theka la magazi a mkaka ndi theka la magazi olimba. Msoti wotere ukakula, ndi kudya bwino, upatsa lita imodzi kapena kuposerapo pa tsiku. Ukakweredwa ndi tonde wina wa mtundu womwewo, ana ace akhala ndi magawo atatu mwa anai a magazi a mkaka. Pamenepo mlimi wamng'ono ayenera kuima, pakuti kupitirira apo kulimba kwa makolo kucepa ndipo nthenda zicuruka.

Njira imeneyi inayesedwa kale kwina. Ku Meru, m'dziko la Kenya, bungwe la FARM-Africa linayamba nchito yotere m'caka ca 1996 ndi atonde a Toggenburg. Alimi anapanga magulu, gulu liri lonse ndi kusunga tonde mmodzi kwa munthu amene anamsankha, ndipo ali yense anali kubwera ndi mbuzi yace kudzakweretsa polipira pang'ono. Midzi ya ku Katete, Petauke kapena Lundazi ikhoza kucita cimodzimodzi, pakuti tonde mmodzi wamkulu akwanira mbuzi zazikazi 25 kapena 30. Palibe cifukwa cakuti nyumba iri yonse igule wace.

Koma gulu liyenera kusunga malamulo awiri. Loyamba, tonde asakwere ana ace. Cibale ca pafupi cibala ana ofooka, osakula bwino ndi a mkaka wocepa. Cifukwa cace tonde asinthidwe ndi wa gulu lina ana ace akazi asanafike pa msinkhu wokweredwa. Laciwiri, tiatonde ta m'mudzi tosafunika tifulidwe tikali tating'ono kapena tigulitsidwe. Katonde kamodzi koyenda-yenda kakhoza kuononga nchito ya gulu lonse m'mawa umodzi.

Posankha mbuzi yaikazi yoyamba nayo, mlimi ayang'ane ya thupi lalitali, mimba yakuya, miyendo yoongoka, ndi bere lofewa la nsonga ziwiri zolingana. Afunsenso za amace: ngati anali kubala mapasa ndi kuwalera onse bwino, mwana wao akhoza kuteronso.

NTHAWI YOKWERETSA

Msoti usakweredwe usanakwanitse caka cimodzi. Ukatenga bere uli waung'ono, upinimbira, ubvutika pobala, ndipo mkaka wace ukhala wocepa moyo wace wonse. Mbuzi yofuna tonde idziwika motere: ilira-lira, igwedeza mcira kosaleka, ikwera zinzace, ndipo kumbuyo kwace kutupa pang'ono. Zizindikiro zimenezi zikhala tsiku limodzi kapena awiri okha, motero ipite kwa tonde msanga. Ikapanda kutenga, idzafunanso patapita masiku ngati 21. Ikatenga, ibala patapita masiku ngati 150, ndiyo miyezi isanu.

Podziwa ciwerengero cimeneci mlimi akhoza kusankha yekha mwezi wobadwa ana. Mbuzi yokweredwa mu Novembala kapena Disembala ibala mu Epulo kapena Meyi, mvula itatha, pamene zotsala za m'munda ziri zambiri ndipo ana sabvutika ndi cinyezi. Koma nyumba yofuna mkaka pa miyezi ya njala ikhale ndi mbuzi ziwiri zobala mosiyana. Yaciwiri ikweredwe mu Meyi kapena Juni kuti ibale mu Okutobala kapena Novembala, ndipo idzakhala iri kukamidwa mu Januwale ndi Febuluwale. Tsiku lokweretsa ndi dzina la tonde zilembedwe m'kabuku, pakuti za pamtima ziiwalika.

KHOLA

Mbuzi idana ndi mvula ndi matope. Khola labwino ndi lokweza, la msanja wotalika mita imodzi kucokera pansi, la denga losadontha, ndi zipupa zolowa mphepo pang'ono koma zocinga mphepo yozizira ya mu Juni ndi Julayi. Mitengo ya pa msanja italikirane monga kukula kwa cala, kuti zitosi zigwe pansi koma phazi la kamwana lisalowe. Zitosi zimene ziunjikana kunsi ndi manyowa abwino a ku dimba. Tonde akhale ndi cipinda cace patali ndi pokamira, cifukwa pfungo lace lilowa mu mkaka. Anthu ambiri amene anena kuti mkaka wa mbuzi ununkha analawa mkaka wokamidwa pafupi ndi tonde, kapena wa m'ciwiya cosatsuka.

CAKUDYA

Magazi a tonde angotsegula njira. Mkaka weni-weni ulowera pakamwa. Mbuzi ya magazi abwino yosadya mokwanira siiposa ya makolo. Akulu anati walira mvula walira matope: wofuna mkaka abvomerenso nchito yomweta udzu ndi kutunga madzi tsiku ndi tsiku.

Cakudya cikonzedwe mbuzi isanafike. Nsenjere zibzalidwe m'mbali mwa dimba, ndipo mitengo ya masamba omanga thupi, monga lukina, Gliricidia, jelejele ndi mabulosi, ibzalidwe m'malire a munda. Ina mwa mitengo imeneyi inayesedwa zaka zambiri pa Msekera, pafupi ndi Chipata, ndipo imera bwino m'cigawo cino. Masamba a lukina asapitirire gawo limodzi mwa atatu a cakudya ca tsiku, pakuti akacuruka athothola ubweya. Masamba a Gliricidia afote pang'ono pa mthunzi, cifukwa aawisi mbuzi ziyamba zawakana.

Pa nthawi yokolola, masamba ndi mitengo ya nshawa, ya nyemba ndi ya nandolo zisaochedwe. Ziumitsidwe pa mthunzi ndi kusungidwa pa msanja, pamodzi ndi nyemba za msangu zimene zigwa m'cilimwe. Kholowa nayenso ndi cakudya cabwino. Mbuzi yokamidwa ilandirenso manja awiri kapena atatu a gaga m'mawa ndi madzulo, ndi kamcere pang'ono. Cakudya cimangidwe m'mwamba kapena ciikidwe m'modyera, pakuti mbuzi siidya cimene yapondapo. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse. Mkaka ndi madzi gawo lalikuru, ndipo mbuzi ya ludzu iphwetsa bere msanga.

KUBALA NDI KUKAMA

Kukama kuleke patatsala miyezi iwiri kuti mbuzi ibale, kuti ipumule ndi kukuza mwana ali m'mimba. Mwana akabadwa, mcombo wace upakidwe ayodini, ndipo ayamwe cithuwi, mkaka woyamba wacikasu uja, maora oyamba omwewo. M'cithuwi ndimo muli mphamvu yomcinjiriza ku nthenda, ndipo mwana wosacilandira kawiri-kawiri sakula. Masiku anai oyamba mkaka wonse ndi wa mwana.

Pambuyo pace mlimi agawane ndi kamwanako mwacilungamo. Njira yapafupi ndiyo kupatula ana madzulo, kukama m'mawa, ndi kuwasiya ayamwe usana wonse. Mlimi waumbombo amene akama zonse apha mbuzi yace ya caka camawa. Ana aleke kuyamwa atakwana miyezi itatu.

Wokama asambe m'manja ndi sopo, atsuke bere ndi madzi ofunda, ndi kulipukuta ndi kansalu koyera. Madontho oyamba akamire m'kapu yapadera ndi kuwayang'ana: akaona magazi kapena timibulu, kapena bere litatentha ndi kuuma, mbuziyo yadwala bere ndipo mkaka wace usamwedwe. Kukama kucitike ora lomwelo tsiku liri lonse, mofatsa, popanda kukoka nsonga. Mkaka usefedwe ndi kuwiritsidwa nthawi zonse, cifukwa pali nthenda zina, monga ija yopoloza ziweto, zimene zilowa mwa munthu ndi mkaka wosawiritsa.

Khanda losakwana miyezi 6 liyenera mkaka wa amace wokha. Mkaka wa mbuzi ndi wa ana okulirapo, wothira m'phala, ndiponso wa amai apakati, odwala ndi okalamba.

ADANI A MBUZI

Mdani wamkulu ndi njoka za m'mimba, makamaka m'dzinja. Tiana ta njokazi tikwera pa udzu wonyowa, motero mbuzi zisaturuke mame asanaume, ndipo zisadye m'madambo. Mlimi atsegule cikope ca mbuzi kawiri pa mwezi: cikakhala cofiira, iri bwino, cikayera, njoka ziri kumwa magazi ace ndipo ifuna mankhwala msanga. Kutupa kunsi kwa cibwano ndi cizindikiro cina. Mankhwala aperekedwe pa muyeso umene mlangizi wa ziweto wanena, pakuti muyeso wocepa ulimbitsa njoka. Mbuzi ikamwa mankhwala kapena kulasidwa nyeleti, mkaka wace usamwedwe kufikira atatha masiku olembedwa pa botolo.

Nkhupakupa zazikuru za mawanga zibweretsa nthenda imene idzaza madzi mozungulira mtima. Mbuzi izungulira-zungulira, igwa ndi kupalasa miyendo, ndipo za magazi acilendo zifa msanga. Cifukwa cace ziyang'anidwe kunsi kwa mcira, pa bere ndi pakati pa ziboda mlungu uli wonse. Ziboda zikatalika zidulidwe. Mbuzi yogula kwina ikhale payokha milungu itatu kapena inai isanalowe m'khola la zinzace.

POYAMBIRA

Mlimi wofuna kuyamba caka cino abzale nsenjere ndi mitengo ndi mvula yoyamba, amange khola, asankhe mbuzi zace ziwiri zabwino koposa, ndipo akambirane ndi anzace ndi mlangizi wa ziweto za tonde wa gulu. Kucokera tsiku lokweretsa mbuzi ya makolo kufikira tsiku lokama mwana wace papita pafupifupi zaka ziwiri: miyezi isanu ya bere, caka ca kukula, ndi miyezi isanu ya bere lina. Nthawiyi ioneka yaitali, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana wobadwa m'nyumbamo caka cino adzakhala ali kuleka kuyamwa pa nthawi yomweyo, ndipo phala lace lidzakhala la mkaka.